Ndege yodziyendetsa yokha tingaikhulupirire mpaka pati?

Ambiri akamva za ndege yopanda woyendetsa mtima umachita myuu, chonsecho ndege zomwe timakwerazi mbali yaikulu ya ulendo zimayendetsedwa ndi kompyuta. Woyendetsa amanyamutsa yekha ndege, koma ikakwera amayatsa autopilot, makina oyendetsa ndege okha. Zinayamba kalekale: mu 1947 ndege ya asilikali a America ya C-54 inawoloka nyanja ya Atlantic n'kukatera ku England munthu osagwira chiwongolero. Masiku ano kukagwa chifunga choti msewu woterapo sukuoneka, makina ndiwo amatsitsa ndege potsata mafunde a wailesi ochokera pabwalo.

Kuulutsa ndege kompyuta imatha, ndipo siitopa kapena kuwodzera. Pomwe pagona nkhani ndi pa zomwe imachita maso ake akainamiza.

Maso akewo ndi masensa, tizipangizo toyeza zinthu n'kuuza kompyuta. Liwiro, mwachitsanzo, imalidziwa kudzera m'timachubu totchedwa pitot, tomwe timakhala kunja pafupi ndi mphuno ya ndege n'kumalandira mphepo. Ndege zazikulu zimakhala ndi titatu, ndipo pali chifukwa chake: tiwiri tikasemphana simungadziwe kolakwa ndi kati, koma pa titatu, tiwiri togwirizana timakana kachitatuko. Malamulo a ku America ndi ku Ulaya amafuna kuti vuto loti lingagwetse ndege yaikulu likhale losowa kwambiri, losaposa kamodzi pa maola biliyoni imodzi ouluka, ndipo chipangizo chimodzi chokha chikafa chisagwetse ndege.

Mfundo imeneyi ndi yomwe inaphonyedwa pa ndege za mtundu wa Boeing 737 MAX. Pulogalamu yake ya MCAS inkamvera sensa imodzi yoyeza momwe mapiko akukumanirana ndi mphepo. Sensayo itanama kuti mphuno yadzuka kwambiri, kompyuta inkaiweramitsa mobwerezabwereza, oyendetsa akulimbana nayo. Ngozi ziwiri, ku Indonesia mu 2018 ndi ku Ethiopia mu 2019, zinapha anthu 346.

Koma chomwe ine ndimaopa kwambiri ndi nthawi yomwe makina asiyira munthu ntchito mwadzidzidzi. Mu June 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inalowa m'mitambo usiku, madzi oundana n'kutseka timachubu tija. Autopilot inazima monga inapangidwira. Liwiro linasokonekera kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, ndegeyo inalibe vuto lina, koma woyendetsa atadzidzimuka anakoka chiwongolero, mphuno n'kudzuka mpaka mapiko analeka kunyamula ndege. Anthu onse 228 anathera m'nyanja. Munthu amene wakhala maola akungoyang'anira makina sangalandire ntchito yovuta m'kuphethira kwa diso n'kuigwira bwino.

Pamsewu n'povutirapo, poti ndege ili ndi mlengalenga waukulu ndi oyang'anira ulendo, pomwe galimoto imakumana ndi ana, njinga ndi ziweto. Mu 2018 ku Tempe, Arizona, ku America, galimoto yodziyendetsa yokha yomwe kampani ya Uber inkaiyesa inagunda ndi kupha mayi akuwoloka msewu akukankha njinga. Masensa anamuona masekondi oposa asanu ngozi isanachitike, koma kompyuta inkangosinthasintha maganizo kuti chimenechi n'chiyani, ndipo munthu woyang'anira amene anali m'galimotomo maso ake anali pa foni.

Wina akakuuzani kuti makina ake amadziyendetsa okha, mufunseni: masensa alipo angati pa chinthu chimodzi? Akasemphana, makinawo amatha kuima kapena kutera okha, kapena amangoliza belu n'kuponyera munthu chiwongolero?