Pogula mpeni wa khukuri, musatengeke ndi kunyezimira kapena kulemera kwake

Amene munaonapo chithunzi cha msilikali wa Gurkha (asilikali otchuka ochokera ku Nepal) mukuudziwa mpeni wokhotera kutsogolo, wotambalala chakunsonga, umene ku Nepal amautcha khukuri. Unatchuka kunja pambuyo pa nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Nepal ya 1814 mpaka 1816, Angerezi atayamba kulemba usilikali anthu omwe ankalimbana nawowo. Koma kumidzi ya ku Nepal ndi chida cha tsiku ndi tsiku, chodulira nkhuni ndi nsungwi, chopheranso mbuzi pa chikondwerero cha Dashain. Ogula ambiri akunja amaiwala zimenezi, n'kutaya ndalama pa mpeni wongoyenera kupachika pakhoma.

Osula mipeniyi ndi a fuko la Kami, ndipo luso amasiyirana bambo ndi mwana. Ambiri amasula masipuling'i akale a malole, monga amachitira osula akwathu popanga nkhwangwa ndi zikwanje. Choncho wogulitsa akamadzitama kuti chitsulo chake ndi cha mtundu wa 5160, womwe umapezeka kawirikawiri m'masipuling'i otere, sanakuuzeni chachilendo, pakuti anzake ambiri amanenanso chimodzimodzi. Kusiyana kuli pa kakhwimitsidwe kake. Mmisiri amatenthetsa mpeni pamakala mpaka kufiira, kenako amathira madzi a m'ketulo motsata kukamwa kwa mpeni kokha. Kukamwako kumauma gwa, pomwe msana umatsala wofewerapo kuti uzimeza mphamvu ya kutema. Ntchito yonseyi imadalira diso ndi dzanja, ndiye mipeni iwiri ya pachipala chimodzi itha kusiyana kwambiri. Akapyoza muyeso, mpeni umabenthuka pamfundo ya mtengo; akaperewera, umapinda n'kubuntha msanga.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tengani tupa, muyendetse pang'onopang'ono pamimba ya mpeni, pamalo otemerapo. Ngati wakhwima bwino, tupa amangoterereka n'kulira mopyapyala. Mukamuyendetsa pamsana aziluma. Akaluma paliponse mofanana, usiyeni mpeniwo, ngakhale ukongole chotani.

Mayina a makampani a mipeniyi amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awa. Khukuri House ya ku Kathmandu, imene inayamba mu 1991, ili ndi mitundu yambirimbiri pa mitengo yofikirika. Himalayan Imports, imene Bill Martino ankayendetsa ali ku Reno ku America, inatchuka ndi mipeni yochindikala, yopirira nkhanza. Tora Blades ya ku Britain inasankha njira ina, yotsanzira mipeni yakale yopepuka. Kailash Blades imakhwimitsira m'mafuta m'malo mwa madzi, ndipo wogula amasankha yekha utali ndi chigwiriro, koma amadikira nthawi. Palinso Windlass ya ku Dehradun ku India, imene yakhala ikupangira asilikali kuyambira m'ma 1940, ngakhale mipeni yake si ya ku Nepal.

Pa nkhani ya kulemera ndiima poyera. Kwa zaka zambiri msika wakunja unazolowetsa osula kupanga mipeni yokhala ndi msana wokwana sentimita imodzi kapena kuposerapo, ina yolemera pafupifupi kilogalamu, chifukwa wogula akainyamula amati wapeza cholimba. Kagwireni nawo ntchito ola limodzi, mkono udzakuuzani zoona. Mipeni yakale imachindikala pafupi ndi chigwiriro, n'kumapyapyala pang'onopang'ono kulowera kunsonga. Kusula kotereku kumadya nthawi ndipo si mmisiri aliyense angakuthe, n'chifukwa chake ine ndimalolera kuwonjezera ndalama pa mpeni wotere kusiyana ndi wopukutidwa mpaka kuonamo nkhope. Kupukuta kwambiri pamakina kuthanso kutenthetsa kukamwa kwa mpeni n'kukufewetsa, ndiye wogula amalipirira chinthu chomuwonongera chida.

Mtundu wake muusankhe poona ntchito. Sirupate ndi wowonda, wopepuka, wabwino posadza tchire ndi timitengo. Bhojpure, wotchedwa dzina la Bhojpur kum'mawa kwa Nepal, ndi wamimba yaikulu, woyenera nkhuni.

Chigwiriro chimakhala cha mtengo wolimba kapena nyanga ya njati zoweta. Nyanga imakongola, koma imaterera m'manja mwathukuta ndipo itha kung'aluka nyengo youma. Mwachikale mchira wa mpeni umalowa m'kati mwa chigwiriro, n'kumatidwa ndi utomoni wotchedwa laha. Ena amaukayikira, nafuna wa panawal, umene chitsulo chake chimaonekera m'mbali mwa chigwiriro chonse n'kukhomedwa ndi timisomali. Wa panawal ngolimbadi, koma umalemera kumbuyo ndipo umanjenjemeretsa dzanja potema. Mchira wobisika wosulidwa bwino sunditayitsa mtima ngakhale pang'ono.

M'chimake, chomwe ndi thabwa lokutidwa ndi chikopa, mumakhala timipeni tiwiri: karda wa ntchito zing'onozing'ono ndi chakmak wowongolera kukamwa kwa mpeni waukulu. Chakmak akakhala wofewa alibe ntchito, ndipo amaulula kuti wopangayo anathamangira chiwerengero. Nayonso mipeni ya mutu wa mkango kuchigwiriro, yokutidwa ndi zonyezimira, ndi ya alendo okaona malo basi.

Ngati mukuitanitsa pa intaneti, funsani wogulitsa kulemera kwa mpeniwo m'magalamu, kuchindikala kwa msana pafupi ndi chigwiriro ndi chakunsonga, komanso mmene anaukhwimitsira. Muwerengerenso ndalama zotumizira ndi msonkho, chifukwa pa mpeni wotchipa zitha kuyandikira mtengo wa mpeniwo. Ukafika, muupake mafuta pang'ono ndipo musausunge m'chimake nyengo yamvula, poti chitsulo chimenechi chimachita dzimbiri msanga.