Malangizo a Kulankhulana Pantchito: Ena Sapirira Akayesedwa

M'maphunziro a ogwira ntchito m'maofesi sipalephera kupezeka wophunzitsa wolemba pa bolodi manambala atatu: 7, 38 ndi 55. Amati mawu enieniwo amanyamula 7 peresenti yokha ya uthenga, kamvekedwe ka liwu 38, nkhope 55. Anthu amagwedeza mitu n'kukopera m'mabuku mwawo. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kulemba makalata ndi malipoti a kuntchito, choncho manambalawa ndimakumana nawo kawirikawiri.

Gwero lake ndi kafukufuku wa mu 1967 wa Albert Mehrabian, wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles. Anthu ankamvetsera liwu limodzi lojambulidwa, monga lotanthauza "mwina", lonenedwa mokoma, mwaukali kapena mwamba chabe, nthawi zina akuyang'ananso zithunzi za nkhope. Funso linali lakuti wolankhulayo akumukonda mnzakeyo kapena ayi. Basi. Panalibe za msonkhano, malonda kapena bajeti. Mehrabian mwiniwake anachenjeza kuti manambalawa amagwira ntchito pokhapokha munthu akunena za mmene akumvera mumtima, makamaka mawu ndi nkhope zikamatsutsana. Wokayika ayese kuuza kasitomala tsiku lobweza ngongole ndi nkhope yokha.

Kusefa zinthu zotere ndiyo ntchito ya ofufuza za kulankhulana pa bizinesi. Bungwe lawo lodziwika, Association for Business Communication, linayamba ku America mu 1936 pakati pa aphunzitsi a kalembedwe ka makalata a malonda. Amatenga malangizo amene aliyense amawaona ngati achidziwikire, n'kukawayesa pa anthu olandira uthengawo.

Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi cha kalata yokana pempho. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti uyambe ndi mawu ofewetsa mtima, kuthokoza ndi kuyamikira, kenako zifukwa, ndipo "ayi" umubise pakati. Kitty Locker wa pa Ohio State University anayesa zimenezi, zotsatira zake zinatuluka mu 1999. Anapatsa ophunzira makalata owakana ngongole ndi owakana malo a sukulu, ena okhala ndi chiyambi chofewacho, ena opanda. Kusiyana kwake sikunaoneke kwenikweni. Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi kukanidwa mosayembekezera, komanso kukanidwa alibe kwina kolowera. Kalata yokana munthu uku ikumutsatsa malonda mwamphamvu inkangoonjezera mkwiyo. Locker analangiza kuyamba ndi chifukwa chokanira, ndi kusonyeza munthuyo njira ina ngati ilipo.

Apa pafunika kusamala. Amene anayesedwawo anali ophunzira a ku America, ndipo ulemu m'kalata sufanana m'mayiko onse. Sindinganene kuti moni ndi kuthokoza zichotsedwe. Koma ndime yonse yoyamikira munthu amene akusakasaka yankho, maso akuthamanga pa pepala, siimuthandiza kanthu.

Imelo itabwera, vuto linasintha nkhope. Mu 2005 Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anapempha anthu kutumiza ziganizo, zina zonenedwa moona mtima, zina zonyogodola. Otumiza pa imelo anali otsimikiza kuti anzawo azindikira kusiyanako pafupifupi kanayi pa kasanu kalikonse. Olandira analondola kungopitirira theka pang'ono, osasiyana kwenikweni ndi kuponya ndalama m'mwamba. Amene anamva ziganizozo ndi khutu anachita bwino kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu polemba amamva liwu lake m'mutu, ndi kaseko kake komwe, n'kuiwala kuti mnzakeyo alandira zilembo zokha. Bwana akalemba kuti "Mwachita bwino, lipoti lafika lero" akumwetulira, wantchito amene analipereka mochedwa akhoza kugona osadya.

Pamenepa mpomwe Mehrabian amabwereranso pamalo pake poyenera. Liwu ndi nkhope n'zofunika ndithu, koma pa nkhani za mumtima. Richard Daft ndi Robert Lengel anafotokoza mu 1986 kuti nkhani imene anthu angaimve mosiyanasiyana imafuna njira yolola kufunsana ndi kuyankhana pompopompo, monga kukumana maso ndi maso, pamene nkhani yolunjika ngati mitengo ya katundu kapena masiku a msonkhano imayenda bwino polemba. Ofufuza ena pambuyo pake anaonetsa kuti anthu odziwana bwino amamvana ngakhale pa uthenga waufupi wa pafoni, kotero si lamulo lomanga.

Ine ndimauza ophunzira anga kuti kudzudzula wantchito kapena kukambirana zosintha udindo wake kuyambire pakamwa, kalata itsatire pofuna kusunga zimene mwagwirizana. Kalata yofunika isanatumizidwe, ipatseni mnzanu amene sakuidziwa nkhaniyo, ndipo musamufunse ngati yalembedwa bwino, chifukwa angovomera. Mufunseni kuti atailandira iyeyo angachite chiyani, pofika liti.