Mayotte ili m'manja mwa France, osati Comoros

Ambiri akayang'ana mapu amaganiza kuti Mayotte, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, imalamulidwa ndi dziko la Comoros. N'zoona kuti Comoros imati chilumbachi ndi chake, koma wolamulira ndi France. Pa referendamu ya 1974 zilumba zitatu zimene lero zimapanga dziko la Comoros zinasankha kudziimira pazokha, anthu a ku Mayotte anakana. Mu 2011 chilumbachi chinakhala chigawo chenicheni cha France. Likulu lake ndi Mamoudzou, ndalama yake ndi euro.

Koma musamve za euro n'kuganiza kuti kuli chuma. Bungwe loona za ziwerengero ku France la INSEE linapeza kuti mu 2018 anthu 77 mwa 100 alionse anali pa umphawi. Namondwe Chido, yemwe anafikanso ku Malawi mu December 2024, anasasula nyumba zamalata zosawerengeka ku Mayotte.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi ulendo wa panyanja. Anthu amawoloka makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Anjouan, chilumba cha Comoros, kupita ku Mayotte pa timaboti ta kwassa-kwassa todzaza mopyola muyeso, ndipo ambiri amamira. Amene afika n'kupeza chilolezo chokhalira, nthawi zambiri chimagwira ntchito ku Mayotte kokha. Kuti apite ku Paris ayenera kupemphanso visa.