Ma amp olembedwa pa kontrola si amene amafika ku mota

Ambiri amaganiza kuti kontrola ya njinga yamagetsi (kabokosi kolamulira magetsi opita ku mota) ikalembedwa 15A, ndiye kuti mota nayonso imalandira ma amp 15 basi (amp ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya). Ayi ndithu. Nambalayo ndi malire a magetsi ochokera ku batire. Njinga ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, mawaya atatu opita ku mota amatha kunyamula ma amp owirikiza kawiri kapena katatu, n'chifukwa chake amatentha.

Kontrola zotchipa zimayezera ma amp pa kawaya kokhuthala kotchedwa shunt, powerenga ma volt (V) amene magetsi amapereka akamadutsa pa kawayako. Kakakhala ka ma milliohm 5 (muyezo wa mmene kawayako kamatchingira magetsi), ma amp 20 amangopereka 0.1V, choncho kawayako kakasiyana pang'ono, muyezo wasokonekera kale. Amakaniko ena amakapaka mtovu kuti njinga izikoka mwamphamvu. Apo kontrola imawerenga ma amp ochepa kuposa enieni, mpaka ma MOSFET, tizipangizo ta mkati mwake totsegula ndi kutseka magetsi, kupsa.