Jenks, mtolankhani wosuzumira manambala a chasisi

Galimoto ya mpikisano sikhala ndi ziwalo zomwezomwezo. Ikawomba khoma, amakaniko amachezera usiku kuiwongola. Injini ikaphulika amaikamo ina, bodi ikaphwanyika amasula yatsopano. Ndiye pakatha zaka 50 mumapeza anthu awiri, wina ku England wina ku Italy, aliyense akulumbira kuti galimoto imene inapambana mpikisano wakutiwakuti ili m'galaja mwake. Uyu ali ndi chasisi, mnzakeyo ali ndi injini. Mboni pa mlandu wotere kawirikawiri zimakhala zolemba za atolankhani amene analipo masiku amenewo.

Mmodzi mwa iwo ndi Denis Jenkinson wa ku England, wobadwa mu 1920, amene ankalembera magazini ya Motor Sport. Anzake ankangomuti Jenks. Mkuluyu sankalemba za m'maluwa. Mu 1949, iye ndi Eric Oliver anakhala akatswiri a dziko lonse pa njinga zamoto zokhala ndi kangolo m'mbali, ndipo wolendewera m'kangolomo pokhota anali Jenks yemweyo.

Chimene chinamutchukitsa ndi mpikisano wa galimoto wa Mille Miglia wa 1955 ku Italy, wochoka ku Brescia kukatembenukira ku Rome n'kubwereranso, makilomita pafupifupi 1,600 m'misewu ya anthu wamba. Anakhala pambali pa dalaivala Stirling Moss mu Mercedes-Benz 300 SLR ya nambala 722, kutanthauza kuti inanyamuka 7:22 m'mawa. Tsikulo lisanafike, awiriwa anayendera njirayo n'kulemba makona oopsa ndi zitunda zobisa msewu pa pepala lotalika kuposa mamita 5, lokulungidwa m'kabokosi. Jenks ankapukusa pepalalo n'kumalankhula ndi manja, poti phokoso la injini silinkalola kumvana. Moss ankaponda moto pa chitunda asakuona kutsogolo, kungokhulupirira dzanja la mtolankhani! Anamaliza m'maola 10, mphindi 7 ndi masekondi 48. Dalaivala wina, Juan Manuel Fangio, yemwe anayenda yekha, anakhala wachiwiri, nthawi yake itaposa yawo ndi theka la ola.

Koma kwa ine ntchito yake yaikulu ndi ija yosaoneka. Ankazungulira kumene amakaniko akugwirira ntchito, kusuzumira manambala a chasisi ndi a injini n'kumalemba m'kope. Mu 1987 anatulutsa buku la Directory of Historic Racing Cars, momwe anasiyanitsa galimoto yeniyeni, yomangidwanso pa zotsala za yakale, ndi yongotengera maonekedwe. Ena mwa eni galimoto zotere sakonda kumva zimenezi, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: ndalama. Mu 2022, 300 SLR ina yokhala ndi denga, yotchedwa Uhlenhaut Coupé, inagulidwa pa mayuro 135 miliyoni. Pa mitengo yotereyi, nambala imodzi yokhomedwa pa chitsulo imatha kukweza kapena kugwetsa malonda onse.

Jenks anamwalira mu 1996. Galimoto ya nambala 722 ija ili m'manja mwa kampani ya Mercedes-Benz ku Stuttgart, ku Germany, ndipo pa iyoyo palibe wolimbana naye umwini.