Chipinda cha Chitchaina cha John Searle

Mkangano woti kompyuta ingamvetse chilankhulo kapena ayi sunayambe ndi mapulogalamu ocheza nawo amasiku anowa. Unakolera mu 1980, John Searle, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya California ku Berkeley, atalemba nkhani m'magazini ya Behavioral and Brain Sciences.

Chomwe chinamuputa ndi ntchito ya Roger Schank, katswiri wa makompyuta, ndi anzake pa yunivesite ya Yale. Iwo anapanga pulogalamu yoyankha mafunso pa tinkhani tifupitifupi. Bambo wina walowa mu lesitilanti, waitanitsa hamburger, koma abwera nayo yopserera, ndiye watuluka mokwiya osalipira. Ukafunsa ngati bamboyo anadya, makinawo ankati ayi, chonsecho nkhaniyo sinanene. Ena anati basi, makina ayamba kumvetsa.

Searle anakana. Anati tiyerekeze amutsekera m'chipinda, iye Chitchaina osachidziwa ngakhale pang'ono. Anthu akumulowetsera timapepala ta mafunso a Chitchaina, ndipo ali ndi buku la malamulo lachingerezi lomuuza kuti akaona chizindikiro chakuti, abweze chakuti. Akazolowera, amene ali panja akhoza kulumbira kuti mkatimo muli Mtchaina weniweni. Koma mwini wakeyo sakudziwa ngati akumufunsa za mpunga kapena za maliro. Kompyuta nayo, anatero, imangotsata maonekedwe a zizindikiro, tanthauzo ilibe. Apa anali kugwetsanso mayeso a mu 1950 a Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, omwe amayeza makina poona mayankho ake okha.

Maganizowa sanangomudzera. Ku Oxford anaphunzira kwa J. L. Austin, yemwe ankaphunzitsa kuti kulankhula ndi kuchita: ukati "ndalonjeza", wachita kale chinthu. Kwa Searle, mawu amakhala ndi tanthauzo chifukwa pali munthu amene akufuna kunena kanthu.

Otsutsa sanachedwe, ena anayankha m'magazini yomweyo. Yankho lotchuka linali lakuti womvetsa si munthuyo payekha, koma chipinda chonse pamodzi ndi bukulo. Searle anati chabwino, aloweza buku lonselo pamtima n'kutuluka panja, Chitchainacho sachimvabe. Daniel Dennett, katswiri wina wa filosofi, ankati fanizoli limanyenga chifukwa limapeputsa kukula kwa ntchito yomwe pulogalamu yotere ingafunike, ndipo kwa ine pamenepa m'pomwe Searle sanayankhe mokhutiritsa. Iye anangokakamira mfundo yake yakuti maganizo amachokera mu ubongo wamoyo, monga mmene kugaya chakudya kumachitikira m'mimba, ndi kuti mvula yoyerekezera pa kompyuta sinyowetsa munthu.