Olivia de Havilland: mkazi amene anatengera Warner Bros. kukhoti

Ambiri amamudziwa Olivia de Havilland ngati Melanie, mayi wofatsa uja wa mu filimu ya Gone with the Wind ya 1939. Koma mafilimu amene anaonetsa luso lake lenileni anatuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo chifukwa chake chili m'makontrakiti a ku Hollywood a masiku amenewo.

Wochita zisudzo akasaina ndi kampani, ankamangidwa zaka 7. Kampani ndiyo inkamusankhira filimu komanso gawo loti asewere, ndipo ikafuna inkamubwereketsa kwina, monga mmene kampani ya Warner Bros. inabwereketsera Olivia kwa David O. Selznick, wopanga Gone with the Wind. Munthu akakana gawo, ankaimitsidwa ntchito opanda malipiro, kenako miyezi imene wakhala pakhomoyo ankaiwonjezera kumapeto kwa kontrakiti. Zinali ngati ngongole ya katapila, yobweza osatha.

Kuyambira mu Captain Blood ya 1935, Warner Bros. kawirikawiri inkamupatsa Olivia gawo la chiphadzuwa chodikira kupulumutsidwa ndi wochita zisudzo mnzake Errol Flynn. Mafilimuwo ndi okoma, makamaka The Adventures of Robin Hood ya 1938, koma iye ankadziwa kuti angathe zoposa pamenepo, choncho anayamba kukana. Kontrakiti itatha mu 1943, anauzidwa kuti atsala ndi miyezi 6. Wochita zisudzo wina, Bette Davis, anali atayesapo kale kuthawa kampani yomweyi mu 1936, nagonja kukhoti ku London. Olivia anasumira ku California, potsamira lamulo la kumeneko loletsa kukakamiza munthu kugwira ntchito pa kontrakiti imodzi kupitirira zaka 7. Mu Disembala 1944 khoti la apilo linagamula kuti zakazo ziwerengedwe motsata kalendala, osati masiku okhawo amene munthu wagwira ntchito. Chipambanocho sichinabwere chaulere: mlandu uli mkati, makampani ena anamutsekera zitseko, ndipo anatha pafupifupi zaka ziwiri osaoneka pa kamera.

Atamasuka anayamba kudzisankhira yekha. To Each His Own ya 1946 inamupatsa mphoto ya Oscar yoyamba. Pokonzekera The Snake Pit ya 1948 anayendera zipatala za odwala matenda a maganizo kuti aone ndi maso mmene ankakhalira.

Ine ndimauza ophunzira anga kuti ayambire pa The Heiress ya 1949, yotsogoleredwa ndi William Wyler, imene inamupatsa Oscar yachiwiri. Olivia amasewera Catherine, mtsikana wamanyazi amene bambo ake enieni amamuderera, ndipo mnyamata womufunsira akungosirira chuma. Mukamaonera, tcherani khutu ku mawu ake. Poyamba ndi aang'ono, onjenjemera, maso ali pansi. Atazindikira kuti wapusitsidwa, mawu amatsika n'kuuma, msana umawongoka. Kumapeto mnyamata uja akugogoda chitseko mokuwa, Catherine akwera masitepe nyale ili m'manja, osacheuka. Gawo lotere Olivia sakanalipeza akanakhalabe wodikira zimene Jack Warner, mkulu wa Warner Bros., wamusankhira.

Chigamulo chija mpaka lero chimatchedwa De Havilland Law, ndipo ngakhale oimba ena achigwiritsapo ntchito polimbana ndi makampani awo ojambula nyimbo. Olivia mwiniwake anasamukira ku Paris m'zaka za m'ma 1950, mu 1965 anakhala mkazi woyamba kutsogolera oweruza pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes, ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 104.